Ulusi wa Galasi m'Chitsime cha a Makutu

A Makutu ndinagwira nawo ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo pa zaka zonsezo sindinawamvepo akuyamikira munthu wa ntchito yathu popanda kuwonjezera kuti "koma". Ukati uje amadziwa kuwotcherera, iwo ankati, "Amadziwa, koma amachedwa." Ukati uje masamu ndi ake, ankati, "Inde, koma sanagwirepo chingwe dzuwa likuswa mtengo." Sikuti anali munthu woipa. Mnzathu akadwala ndiwo ankayamba kufika kuchipatala, ndipo ine ndemwe anandiphunzitsa ntchito osandinyoza ngakhale tsiku limodzi. Mwina chifukwa ntchito yangayo sankaisirira.

Ntchito yathu inali yoyeza miyala ya pansi pa nthaka. Anthu akafuna kumanga damu kapena mlatho waukulu, amayamba afufuza ngati mwala wa pansipo uli wolimba kapena wong'aluka. Ndiye amabowola zitsime zakuya, osati zamadzi, zopapatiza moti mbale yodyera ingatseke pakamwa pake. Amaikamo paipi yachitsulo, n'kuthira simenti kuseri kwa paipiyo kuti igwirane ndi mwala. Zikatero amaitana ife. Ine ndinkayendetsa galimoto yokhala ndi chitsulo cholemera kumbuyo, ndipo udindo wanga unali kukweza chitsulocho ndi kuchigwetsa pansi. Nthaka ikanjenjemera, mafunde ake amatsika mpaka kunsi. M'mwala wolimba amathamanga, m'mwala wophwanyika amazengereza. Womvetsera mafundewo anali a Makutu. Anali ndi chida chooneka ngati botolo lalitali lachitsulo, chomwe m'mabuku amachitcha jiyofoni, ife tinkangoti botolo. Ankalitsitsa m'chitsime ndi chingwe, kulikanikizira kukhoma la paipi, n'kundikwezera dzanja. Ine n'kugwetsa. Iwo n'kuyang'ana timizere pa sikirini, kulemba m'kabuku, n'kukweza botololo mamita asanu. Dzanja m'mwamba, ine n'kugwetsanso. Chitsime cha mamita mazana atatu chinkatidyera masiku awiri athunthu.

Dzina la Makutu linabwera chifukwa cha kaimidwe kawo. Ankagwira chingwe ndi zala ziwiri, n'kupendeketsa mutu ngati nkhuku yoyang'ana mphamba, ndipo ankadziwa kuti botolo silinagwire bwino asanayang'ane n'komwe pa sikirini. Dzinalo ankalikonda. Bambo awo anali wokonza mawailesi, ndipo iwo anakulira pakati pa mawaya ndi fungo la mtovu wosungunuka. Sukulu sanapite nayo patali. Pakampani analowa ngati wonyamula katundu, ndipo zonse zimene ankadziwa anaziphunzira ataima pambali pa chitsime. Kunyumba kwawo, m'kabati ya pabalaza, munali timabuku makumi anayi ndi kamodzi, tokulungidwa m'mapepala apulasitiki, momwe analemba za chitsime chilichonse chimene anayezapo. Akazi awo, omwe anali telala, ankadandaula kuti shelefu yabwino kwambiri m'nyumbamo inapita kwa zitsime pomwe mbale za alendo zinkakhala m'katoni.

Chaka chimene a Makutu anakwanitsa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri, kampani inalemba mayi injiniya watsopano. Anali munthu wachangu, wosakonda kuzungulira polankhula. Tsiku lina anatisonkhanitsa m'chipinda chosungira zida, n'kuika patebulo kachidutswa ka chingwe chakuda chonenepa ngati pensulo. Anakasenda, n'kutionetsa za m'kati mwake: kaulusi ka galasi kopyapyala ngati tsitsi.

"Iyi ndi faiba, yomweyi imabweretsa intaneti m'maofesi," anatero. "Tikaitsitsa m'chitsime, bokosi lomwe lili pamwamba limatumiza kuwala m'kaulusika, maulendo ambirimbiri pa sekondi imodzi. Kuwala kwina kumabwerera. Nthaka ikanjenjemera, ulusi umatamuka pang'ono kwambiri, ndiye kuwala kobwererako kumasintha, ndipo bokosi limadziwa kuti zachitika pa mita iti. Ulusi wonse umamva nthawi imodzi, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Zili ngati mwatsitsa mabotolo mazana atatu."

"Ndiye chitsime chimodzi masiku angati?" ndinafunsa.

"Tikamaliza kutsitsa chingwe, mugwetsa chitsulo chanu kwa ola limodzi, basi tizipita."

Ine ndinakondwera, poti msana wanga unali utatopa ndi mpando wa galimoto ija. A Makutu anatola kaulusi kaja, kukapinda ndi zala mpaka kanathyoka, n'kukabwezera patebulo.

"Galasi limasweka, mayi," anatero.

"Limaswekadi. N'chifukwa chake tikufuna munthu wodziwa kulilumikiza. Ngati mukudziwapo wina, mundiuze."

Nkhani imeneyi a Makutu anakaifotokoza kunyumba ngati yoseketsa. Anauza akazi awo kuti kuntchito akufuna telala wa magalasi, ndipo mwina iwo akafunsireko. Akazi awo sanaseke. Anasiya kupalasa makina n'kufunsa kuti, "Nanga mlongo wanga uja si ntchito yake imeneyo?"

Mlongo wawoyo anali bambo wa zaka makumi anayi, woonda ndi wamtali, wosalankhulalankhula, ndipo anthu ankamutcha Singano. Anagwirapo ntchito kukampani ya mafoni, kulumikiza faiba m'maenje a m'misewu, mpaka pomwe kampaniyo inachepetsa antchito. Kwa chaka chathunthu ankangokhala pakhonde la sitolo ina kukonza mafoni a m'manja. A Makutu analibe pothawira. Dzina la mlamu wawo analipereka okha kwa mayi injiniya, ndipo pondiuza ankagwedeza mutu. "Pakamwa pangapa," ankatero, "ndi pomwe padzandiphe."

Ntchito yoyamba ya faiba inali pamalo pomwe ankafuna kukweza damu lakale. Panali zitsime zisanu zomwe zinabowoledwa zaka khumi ndi chimodzi m'mbuyomo, ndipo woyamba kuziyeza anali a Makutu ndi botolo lawo, ine ndikugwetsa chitsulo. Tinachita lendi nyumba pafupi ndi malowo, tinkagona kumeneko Lolemba mpaka Lachisanu.

Chitsime choyamba chinatha dzuwa lisanapendeke. Nditagwetsa chitsulo kachitatu ndinamva anthu akuwomba m'manja mu tenti, ndipo ndinatsika kukaona. Pa sikirini panali chithunzi cha mzere wopendekeka, wosalala, wotsika kuchokera pamwamba mpaka pansi pa chitsime. Zimene a Makutu ankasonkhanitsa mzere umodziumodzi kwa masiku awiri zinali pamenepo zonse, ngati chithunzi cha kuchipatala. Mayi injiniya anagwira a Singano paphewa. Mmodzi wa anzathu anati, "Makutu tsopano tili nawo mazana atatu, ndipo safuna tiyi." Tonse tinaseka. A Makutu nawonso anaseka, koma mano okha.

Kuyambira tsiku limenelo zinthu zing'onozing'ono zinayamba kuwabaya. Tenti ndi mpando wopinda, zomwe kwa zaka zonse zinali zawo, tsopano munkakhala bokosi ndi a Singano, chifukwa galasi silifuna fumbi. Iwo anawapatsa ntchito yoyang'anira makina otsitsira chingwe, padzuwa. Eni damu akabwera kudzaona, ankadutsa a Makutu ndi moni wa dzanja n'kulunjika mu tenti. A Singano akamalumikiza ulusi ankasamba m'manja, kupukuta galasi ndi kathonje konyowa, n'kugwira mpweya ngati munthu wolowetsa ulusi pa singano, ndipo anthu ankaunjikana kumbuyo kwawo osatsokomola. A Makutu ankati, "Pitani mukaone, adokotala ayamba opaleshoni."

Chomwe chinkawapweteka kwambiri chinali ulemu wa mlamu wawoyo. A Singano sanadzikweze ngakhale pang'ono. Nthawi ya tiyi ankatuluka mu tenti ndi makapu awiri, n'kupereka imodzi ndi manja awiri. "Alamu, imwani, dzuwali lakula." A Makutu ankalandira, n'kudikira kuti atembenuke, n'kundiuza chapansipansi kuti, "Waona? Akundimvera chisoni." Munthu wamwano akanamupezera poyambira. Uyu analibe pogwira.

Kunyumba nakonso kunalibe mpumulo. Akazi awo anali atasokera mlongo wawo jekete la matumba ambiri loikamo tizida take, ndipo a Makutu anawerenga matumbawo n'kupeza asanu ndi anayi. Iwo lawo linali ndi awiri. Mwana wawo wamkazi, yemwe ankaphunzira za unamwino, anaika pa foni chithunzi cha amalume ake ali pambali pa bokosi, n'kulemba kuti amalume amamva mtima wa dziko ukugunda. A Makutu anandionetsa chithunzicho katatu sabata imodzi. "Zaka makumi atatu ndakhala ndikumva mtima wa dziko," ankatero. "Chithunzi changa chili kuti? Mwinatu unkagunda mwachinsinsi."

Titamaliza chitsime chachitatu, chingwe chinapanidwa ndi chitseko cha lole pokweza katundu, ndipo ulusi unaduka chapakati. A Singano anaulumikiza bwinobwino, n'kuphimba mfundoyo ndi kapaipi kachitsulo kamene anakasula okha kuti madzi asalowe. Anayesa kuwala ndipo kunkadutsa. Lolemba lotsatira tinapita kuchitsime chachinayi.

Nditagwetsa chitsulo, mu tenti munali zii. Ndinagwetsanso kasanu, kenako mayi injiniya anandiitana. Mzere uja unatsika bwino mpaka pa mamita zana limodzi ndi makumi anayi. Kuchokera pamenepo mpaka pa zana limodzi ndi makumi asanu ndi anayi, chithunzi chinali chosokonekera, mizere yokhotakhota ikupita uku ndi uku ngati mano a sowo. Kunsi kwake mzere unkaonekanso bwino. Tsoka lake, malo osokonekerawo ndi omwe eni damu ankawafuna kwambiri, poti ankakayikira kuti mwala wa pamenepo ndi wong'aluka.

Mayi injiniya anatsegula lipoti la obowola. Linkanena kuti simenti inathiridwa chitsime chonse. Kenako anawerengera kutalika kwa chingwe, n'kupeza kuti mfundo ya a Singano ija inali pa mamita zana limodzi ndi makumi anayi, pomwe phokoso linkayambira.

"Kapaipi kanu aka n'konenepa," anauza a Singano. "Kakukankha chingwe kuti chisakhudze khoma. Chikulendewera, ndiye chikulira ngati waya wa gitala."

"Mwina, mayi," anayankha a Singano. "Ndikonzanso."

Tinatulutsa chingwe chonse, ntchito ya maola atatu. A Singano anadula mfundo, kulumikizanso, n'kusula kapaipi kopyapyala. Lachiwiri tinatsitsa. Mano a sowo aja anali pomwepo. Lachitatu tinatulutsanso. Mphepo inauka, fumbi linalowa mu tenti, ndipo a Singano analumikiza ulusi umodzi kanayi asanakhutire. Kachidutswa ka galasi kanawalowa m'chala, ndipo anagwira ntchito tsiku lonse kali momwemo. Pambuyo pake mayi injiniya anadzavomereza kuti akanangokweza chingwe mamita makumi awiri, akanaona kuti mfundo yasuntha koma phokoso latsala pomwe linali. Koma munthu ukaika mtima pa wakuba mmodzi suyang'ananso makomo ena.

Masiku onsewa a Makutu anali munthu wina. Ankaimba likhweru pamakina awo. Tiyi ankathira okha, mpaka anapititsira mlamu wawo kapu mu tenti. Koma za chitsime sanalankhulepo kanthu, iwo amene ankayankhira ndi nkhani zosawakhudza. Lachitatu masana a Singano anabwera kudzaima pambali pawo.

"Alamu, chitsimechi munachiyezapo kale. Palibe chomwe mukukumbukira?"

A Makutu anayang'ana kumwamba ngati akuganiza. "Zakale izo, alamu. Ife tinkayenda ndi botolo limodzi ngati oledzera. Inu muli ndi makutu mazana atatu, mungafunse chiyani kwa nkhalamba?"

A Singano anagwedeza mutu n'kubwerera mu tenti.

Ine mawu amenewo anandikanda penapake. Zaka khumi ndi chimodzi n'zambiri, ndipo ine pa ntchito ija ndinkangoona dzanja likukwera. Koma ndinakumbukira kuti pamalo pomwepa panali chitsime china chimene chinatisunga masiku anayi m'malo mwa awiri, a Makutu akutukwana, ndipo anachipatsa dzina. Lachinayi tikudya buledi pamthunzi wa galimoto yanga, ndinawafunsa.

"Akulu, kodi si chitsime chino munkachitcha Belu?"

Anasiya kutafuna. "Belu wanji?"

"Munkati paipi yake imalira ngati belu la kusukulu. Munkati simenti inathawira m'phanga."

"Iwe ntchito yako ndi yogwetsa chitsulo," anatero. "Ukayamba kukumbukira zinthu udzagwetsa pa phazi lako."

"Munthuyu amuchotsa ntchito, akulu."

"Samuchotsa. Angotsika pang'ono, aone mmene pansi pamakhalira. Tonse tinayambira pansi."

Ndikanatha kupita kwa mayi injiniya ndekha. Sindinapite. Ndinadziuza kuti sindikukumbukira bwino, komanso kuti nkhani ya pachilamu si yoti mlendo alowererepo. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa kutaya munthu amene ndinadya naye buledi zaka khumi ndi zinayi. Mpaka lero sindinyadira zimenezo.

Lachisanu eni damu anabwera ndi nkhope zolimba. Atapita, mayi injiniya anaitana a Singano n'kuwauza kuti Lolemba asabwere kaye. Anati aitanitsa katswiri wa kukampani yogulitsa zingwe, adzafika Lachitatu, ndipo zotsala adzakambirana katswiriyo akaona. A Singano analongedza tizida tawo m'matumba a jekete lija, n'kutsanzika aliyense ndi dzanja. M'galimoto pobwerera a Makutu sanaimbenso likhweru, komabe sanalankhule.

Lamlungu masana ndinapita kwawo kukabweza sipanala. Ndinawapeza pabalaza atakhala ndi nyuzipepala yosatsegula. Akazi awo anali pakona pa makina osokera, ndipo anandilonjera mwaulemu koma mwachidule. M'nyumbamo munali bata lolemera, loti ukalowa umayamba kufunafuna potulukira. Posowa chonena, ndinatchula za katswiri uja.

"Akuti ndi munthu woopsa," ndinatero. "Mayi injiniya akuti akangoyang'ana chithunzi amadziwa matenda a chitsime. Akuti zitsime amaziwerenga ngati kalata."

"Wachokera kuti?"

"Kutali. Akubwera pa ndege."

"Anaimapo pa damu lija?"

"Ayi, sanafikepo."

A Makutu anapinda nyuzipepala ija kawiri, n'kuipindanso.

"Ndiye munthu atsike ndege Lachitatu," anatero pang'onopang'ono, "ayang'ane sikirini mphindi khumi, anene kuti kuseri kwa paipi kulibe simenti, onse aombe m'manja. Alembe m'lipoti kuti wapeza ndi iye. Chitsime chimene ine ndinakhala pakamwa pake masiku anayi."

Makina osokera anaima. Ine ndinayang'ana pansi.

A Makutu anadzuka n'kupita pakabati. Anatsegula, n'kuyamba kutulutsa timabuku timodzitimodzi, akuyang'ana pachikuto ngati munthu wofunafuna chinthu chotayika kalekale. Akazi awo sanadzutse mutu pansalu.

"Musavutike ndi kabati, abambo," anatero. "Kali m'chikwama chanu cha kuntchito, m'thumba la m'mbali. Munakaika Lamlungu lapitalo, ine ndikusita malaya anu."

Anapalasanso makina. A Makutu anaima pamenepo ndi timabuku titatu m'manja, ndipo ine ndinaika sipanala patebulo n'kutsanzika.

Lolemba m'mawa a Makutu anafika mu tenti ndi kabuku ka chikuto chobiriwira, n'kukatsegula patsogolo pa mayi injiniya. Zolemba zawo zinali zing'onozing'ono, zoyera bwino. Panali tsiku, nyengo, ndi mawu akuti kuyambira mita ya zana limodzi ndi makumi anayi kufika pa zana limodzi ndi makumi asanu ndi anayi paipi ikulira yokha, siinagwirane ndi mwala, ndipo mmodzi wa obowola wavomera pakamwa kuti simenti inkangopita osadzaza. M'munsi mwake anajambula timizere tomwe anaona nthawi imeneyo. Tinali mano a sowo omwewo.

Mayi injiniya anawerenga kawiri. "Munakumbukira liti zimenezi?"

"Dzulo, mayi. Ndimakonza m'kabati."

Anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine. Ine ndinapeza chochita ndi chingwe cha nsapato.

"Botolo lanu mwabwera nalo?" anafunsa.

Anali atabwera nalo, atalipukuta kale. Tinatulutsa faiba, n'kutsitsa botolo. A Makutu anaima pakamwa pa chitsime, zala ziwiri pachingwe, mutu utapendekeka, n'kundikwezera dzanja. Pa mamita zana limodzi ndi makumi atatu mzere unali woyera. Pa zana limodzi ndi makumi asanu unayamba kunjenjemera osafuna kuleka. Pa mazana awiri unayeranso. Vuto silinali la mfundo, silinali la ulusi. Ulusi unkanena zoona kuyambira tsiku loyamba, kungoti panalibe wofuna kumasulira. Eni damu atamva sanakwiye, chifukwa phanga lomwe linameza simenti ndilo linali yankho la funso lawo. Katswiri uja anamuimbira foni kuti asakwere ndege.

Tsiku limenelo a Makutu anayenda ngati mnyamata. Koma chimwemwe chawo chinatha Lachiwiri, a Singano atabwerera. Anafika, n'kulunjika kwa mlamu wawo pamaso pa tonse, n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri.

"Zikomo, alamu. Mwandipulumutsa."

A Makutu anang'ung'udza kenakake, n'kupita kuseri kwa lole komwe kunalibe ntchito iliyonse. Ndinawapeza akumanga ndi kumasula chingwe chimodzi chomwecho. "Bwanji osangondimenya?" anandifunsa. "Munthu wanji ameneyu?"

Patapita milungu ingapo ndinafunsa a Singano ngati ankadziwa. Tinali awiri m'galimoto. Anati anadziwa Lachitatu lomwe lija. "Munthu woyankhira chilichonse akakhala chete, ndiye kuti walankhula," anatero. Ndinawafunsa chifukwa chake sananene. "Ndi amuna a achemwali anga. Ndipo ntchitoyi anandipezera ndi iwo. Ndikanati chiyani? Komanso sabata imeneyo ndinaphunzira kusula tipaipi tabwino."

Akazi a a Makutu sanakhululuke msanga ngati mlongo wawo. Kwa mwezi wathunthu ankaika chakudya patebulo n'kukadyera kukhitchini. Batani la malaya likathothoka, a Makutu ankalipeza lili pa mtsamiro pamodzi ndi singano ndi ulusi. Munthu wokwatira telala anabwera kuntchito ndi mabatani osokedwa mokhota, ndipo palibe amene analimba mtima kufunsa.

Mayi injiniya sanawapatse chilango cholembedwa. Anangonena kuti zimene zili m'timabuku makumi anayi ndi kamodzi sizingamakhale m'kabati ya munthu mmodzi, ndipo zonse zilembedwe mu kompyuta ya kampani. Wowerenga akhale a Makutu, wolemba akhale a Singano. Nyengo ya mvula yonse, pomwe kunja kunalibe ntchito, awiriwo anakhala m'chipinda chosungira zida, tebulo limodzi. Ine ndinkawamva ndikamakonza galimoto panja. A Makutu ankawerenga ngati munthu amene akumuzula mano, tsamba lililonse ndi mtsutso. A Singano akafunsa tanthauzo la chizindikiro china, iwo ankayamba ndi "Bokosi lanu silinakuuzeni?" kenako n'kufotokoza kwa theka la ola, mpaka kuimirira ndi kusonyeza ndi manja. Sindikuganiza kuti m'moyo wawo wonse anapezapo munthu wowamvetsera choncho. Koma ukawafunsa madzulo, ankati mlamu wawo akuwakama ngati ng'ombe, ndipo mkaka akamwera kwina.

Ndipo sanalakwe kwenikweni. Chaka chotsatira a Singano anatumizidwa kukaphunzira miyezi itatu, ndipo atabwerera anakhala mkulu wa gulu la faiba. Pofika pamalo atsopano ankayamba afunsa ngati simenti inadzaza, n'kuuza anthu kuti anaphunzira kwa alamu awo. A Makutu akamva zimenezo ankati, "Amatchula dzina langa ngati la malemu." Botolo silinatayidwe. Mayi injiniya analamula kuti chithunzi cha faiba chikakayikitsa, botolo lizitsika kukatsimikizira, ndipo zimenezi zinkachitika mwina kamodzi pa miyezi iwiri. Masiku amenewo a Makutu ankabwera atameta bwino.

Anapuma ntchito ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi. Sabata yawo yomaliza, Lachinayi nthawi ya nkhomaliro, ndinalowa m'chipinda chosungira zida kukatenga girisi, ndipo ndinawapeza okha atakhala pamakina olumikizira ulusi a mlamu wawo, magalasi a maso ali pamphuno. Pansi panali tizidutswa ta faiba tambirimbiri.

"Tseka chitseko," anatero. "Ndikungofuna kuona chimene anthu amaombera m'manja."

Zala zawo zinali zazikulu, zozolowera chingwe cholemera, ndipo kaulusi kankathyoka asanakafikitse n'komwe pamakina. Ndinawawerengera maulendo asanu ndi awiri. Pa ulendo wachisanu ndi chitatu chitseko chinatseguka, n'kulowa a Singano. Anaima, n'kuona tizidutswa pansi. Anakoka mpando n'kukhala pambali.

"Musakanikize, alamu. Kagwireni ngati mukugwira phiko la ntchentche. Pukutani kamodzi kokha. Tsopano ikani apa, mutseke."

Makina analira pang'ono, ndipo pa kasikirini kake nsonga ziwiri za galasi zinayandikana, kuwala kunang'anima, n'kukhala ulusi umodzi. Kenako panatuluka nambala. A Singano anafotokoza kuti nambalayo imasonyeza kuwala kotayika pa mfundo, ndipo ikachepa ndiye kuti mfundo ndi yabwino. Ya a Makutu inali eyiti.

"Yadutsa," anatero a Singano. "Mfundo imeneyi ingagwire ntchito m'chitsime."

A Makutu anavula magalasi, n'kuyang'ana ulusi uja pa kuwala kwa pawindo, akuutembenuza pang'onopang'ono. Nkhope yawo inali itafewa.

"Inu mumapeza zingati?" anafunsa.

"Zimasinthasintha, alamu."

"Ndafunsa kuti zingati."

"Kawirikawiri thuu."

A Makutu anaika ulusi pansi, n'kuyang'ana makinawo kuchokera mbali iyi ndi mbali iyo.

"Akukudziwani makinawa," anatero. "Akukondera. Ndipatseni ulusi wina."

Belu la kutha kwa nkhomaliro linalira, ine ndinatenga girisi wanga n'kutuluka. Nthawi yoweruka ndinawasiya akadali momwemo, ndipo ndinamva kuti anafika pa sikisi.